Chala Cholozera: Mbiri ya Mlozera wa A Mpaka Z

Kumapeto kwa buku la nyimbo za m'tchalitchi kumakhala masamba angapo amene palibe amawawerenga ngati nkhani, komabe ndiwo amayamba kuda ndi kupindika m'mphepete buku lonse likadali latsopano. M'masamba amenewo mizere yoyamba ya nyimbo zonse imandandalikidwa motsatira zilembo, ndipo pambali pa mzere uliwonse pali nambala yake. Wotsogolera mapemphero pamaliro akakumbukira chiyambi cha nyimbo koma nambala itamuthawa, savundukula buku tsamba ndi tsamba anamfedwa akudikira. Amathamangira kumapeto, n'kutsetsereza chala pansi pa chilembo chimene akufuna, ndipo posakhalitsa nyimbo yayambika. Masamba amenewo ndiwo mlozera, umene pa Chingerezi amati index.

Mlozera si chimodzimodzi ndi zam'katimu, ngakhale ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi. Zam'katimu zimakhala koyambirira kwa buku ndipo zimatsata njira imene wolemba anayenda: mutu woyamba, wachiwiri, mpaka wotsiriza. Mlozera sutsata wolemba ayi. Umatsata wowerenga, munthu amene wabwera ndi funso lakelake ndipo alibe nthawi yomvetsera zonse. Kusiyana kumeneku ndiko kwalamulira mbiri ya luso limeneli kuyambira m'nthawi ya mipukutu mpaka m'masiku ano a mawebusaiti.

Liwu lakuti index ndi la Chilatini, ndipo limatanthauza cholozera kapena woulula. Aroma ankatchula nalo chala choyandikana ndi chala chachikulu, popeza ndicho munthu amalozera. Achewa anayang'ana chala chomwecho n'kuona ntchito ina, nachitcha mkombaphala, ndipo aliyense amene anakombapo mphika ali mwana angavomereze kuti nawonso sanaphonye. Aroma anagwiritsanso ntchito liwulo potchula kachikopa kakang'ono kamene ankamata pampukutu, kolembedwa dzina la buku, kuti munthu audziwe mpukutuwo asanaufunyulule. Cicero, m'makalata ake kwa bwenzi lake Atticus, anapempha kuti amutumizire antchito odzamumatira tizikopa totere pa mabuku ake.

Dongosolo la zilembo ndi lakale kuposa Aroma. Ku Ugarit, mzinda wakale wa m'mphepete mwa nyanja ku Syria, ofukula m'mabwinja anapeza timapale tadothi ta zaka zoposa 3,000 zapitazo, tolembedwa zilembo mondondozana, m'dongosolo lofanana kwambiri ndi limene Ahebri ndi Agiriki anadzatsata. Salmo 119 lili ndi zigawo 22 za ndime zisanu ndi zitatu chilichonse, ndipo m'Chihebri ndime zonse za chigawo chimodzi zimayamba ndi chilembo chimodzi, kuyambira choyamba mpaka chotsiriza. Koma kumeneko kunali kukometsera ndakatulo ndi kuthandiza oloweza pamtima. Kudziwa kuti chilembo chakuti chimatsogolera chakuti ndi kwina, kugwiritsa ntchito nzeruyo pofunafuna chinthu n'kwinanso.

Amene anakakamizika kutero poyamba ndi osunga nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, ku Iguputo, kumene mipukutu inachuluka kotero kuti panalibe mutu wa munthu wokhoza kuisenza yonse. Pafupifupi zaka 250 Khristu asanabadwe, mlakatuli Callimachus wa ku Cyrene anakonza mndandanda wotchedwa Pinakes, umene pawokha unadzaza mipukutu 120. Anagawa olemba m'magulu, monga alakatuli, olemba mbiri, anzeru zakuya ndi asing'anga, ndipo m'gulu lililonse anandandalika mayina motsatira zilembo. Pinakes inatayika, ndipo zimene zimadziwika za iyo zimachokera kwa olemba ena amene anaitchula.

Nzeruyi sinafalikire msanga. Kwa zaka zoposa 1,000 inkangooneka apo ndi apo m'mindandanda ya mawu ovuta, ndipo kawirikawiri olemba ankangoyang'ana chilembo choyamba kapena ziwiri zoyambirira, zotsalazo n'kuzisiya zili balala. Mabuku anali ochepa, ndipo wophunzira ankawerenga buku limodzi mobwerezabwereza mpaka kulimeza. Koma panalinso chifukwa china chozama. Ophunzira a ku Ulaya ankakhulupirira kuti Mulungu anaika zinthu zonse m'malo mwake, Iye pamwamba, kenaka angelo, anthu, nyama, zomera ndi miyala, ndipo buku lanzeru liyenera kulemekeza dongosolo limenelo. Mndandanda woika angelus patsogolo pa Deus chifukwa chongoti A amatsogolera D unkaoneka ngati ntchito ya munthu amene walephera kumvetsa kugwirizana kwa zinthu.

Mchewa sangavutike kumvetsa kukayika kumeneku. Pamaliro kapena pabwalo la milandu olankhula amatsatana mwa ulemu wawo, mwinimbumba, nyakwawa, gulupu, ndipo wamkulu koposa ndiye amatseka pakamwa pa onse. Zilembo sizidziwa ulemu wotere. M'dongosolo lawo kapolo amatsogolera mfumu, galu amatsogolera mwini wake, ndipo pansi pa chilembo cha M, mdierekezi ndi mfiti amafika Mulungu asanatchulidwe. M'kaundula wa kusukulu mwana wa a Banda amaitanidwa m'mawa uliwonse poyamba, wa a Zulu pomalizira, ngakhale wa a Zuluyo akhale mdzukulu wa mfumu. Komabe mwano womwewu ndiwo mphamvu yake. Kuti munthu apeze chinthu m'dongosolo la ulemu, ayenera kudziwa kale wamkulu ndani, wamng'ono ndani. M'dongosolo la zilembo mlendo wofika dzulo ndi nkhalakale amapeza mofanana.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1200, pamene mayunivesite a Paris ndi Oxford anakula ndipo kunabuka magulu a alaliki oyendayenda, Adominiko ndi Afransisko. Mlaliki wolalikira kawirikawiri, m'mizinda yosiyanasiyana, ankafuna kupeza msanga malemba onse okamba za nkhani imodzi. Chopinga chinali chakuti Baibulo lililonse linali lokopedwa pamanja, ndipo zimene zinali patsamba lakutilakuti m'Baibulo la ku Paris zinali patsamba lina m'Baibulo la ku Oxford. Cholozera chimafuna malo okhazikika oti chilozepo. Malo amenewo anapezeka pamene Baibulo linagawidwa m'machaputala amene akugwirabe ntchito lero, ntchito imene imatchulidwa ndi dzina la Stephen Langton, mphunzitsi wa ku Paris amene anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury.

Cha m'ma 1230 njira ziwiri zinabadwa nthawi imodzi, ndipo kulimbana kwake sikunathe mpaka lero. Ku Paris, m'nyumba ya Adominiko ya Saint-Jacques, abale motsogozedwa ndi Hugh wa ku Saint-Cher anatenga Baibulo la Chilatini n'kuliphwanya liwu ndi liwu. Anandandalika mawu pafupifupi 10,000 motsatira zilembo, ndipo pansi pa liwu lililonse analemba malo onse amene likupezeka. Popeza manambala a ndime kunalibe, chaputala chilichonse anachigawa m'maganizo m'zigawo zisanu ndi ziwiri, kuyambira a mpaka g, kotero kuti chilembo a chinkatanthauza koyambirira kwa chaputala, d pakati, g kumapeto. Limeneli ndilo linali buku loyamba la mtundu umene umatchedwa concordance. Loyambalo linali louma, manambala okhaokha, moti wofuna liwu lopezeka malo mazanamazana ankayenera kutsegula malo onsewo kuti apeze amene akufuna. Okonza a pambuyo pake anawonjezera timawu tochepa tozungulira liwulo kuti munthu azindikire ndimeyo asanatsegule Baibulo.

Ku Oxford, Robert Grosseteste, amene mu 1235 anadzakhala bishopu wa Lincoln, anayenda njira ina. Iye anapanga zizindikiro zoposa 400, chilichonse choimira nkhani imodzi, monga umodzi wa Mulungu kapena chilengedwe. Akamawerenga Baibulo, Augustine, Aristotle kapena anzeru a Chiarabu, ankajambula chizindikiro choyenera m'mphepete mwa tsamba paliponse pamene nkhaniyo yakambidwa, kenaka n'kusonkhanitsa malo onsewo m'ndandanda umodzi. Mndandanda wakewo sunatsate zilembo, koma unagwira chimene abale a ku Paris sakanachigwira. Nkhani ya mwana wolowerera ndi nkhani ya kukhululuka, koma liwu lakuti kukhululuka mulibemo. Wowerenga mawu okha aidutsa osaiona. Wowerenga tanthauzo ndiye aipeza. Mlozera wabwino wa masiku ano ndi mwana wa makolo awiriwa: dongosolo unatengera ku Paris, maso unatengera ku Oxford.

Ngakhale zinali choncho, owerenga ankafunikabe kuphunzitsidwa. Giovanni Balbi wa ku Genoa, pomaliza dikishonale yake yaikulu yotchedwa Catholicon mu 1286, anafotokoza mwachifatse kuti liwu loyamba ndi a lidzatsogolera loyamba ndi b, ndi kuti mawu awiri akayamba mofanana, chilembo chachiwiri ndicho chidzaweruza, napempha owerenga kuti asanyoze ntchito yotopetsayo. Patapita zaka zoposa 300, mu 1604, Robert Cawdrey, amene anali mphunzitsi, anasindikiza dikishonale yoyamba ya Chingerezi chokhachokha, ya mawu pafupifupi 2,500, ndipo nayenso anayamba ndi kulangiza wowerenga kuti aloweze dongosolo la zilembo, adziwe zimene zili koyambirira, pakati ndi kumapeto. Zimene mwana wa Sitandade 2 amaimba lero zinali phunziro la akuluakulu a ndevu.

Makina osindikizira anabweretsa chimene chinkasowa, ndicho masamba ofanana m'makope onse. Mu 1470, ku Cologne, Arnold ther Hoernen anasindikiza kabuku ka ulaliki wa Werner Rolevinck kokhala ndi manambala osindikizidwa m'mphepete mwa mapepala ake, ndipo pang'onopang'ono mwambo wa manambala a masamba unakhazikika. Mu 1551 Robert Estienne anaika manambala a ndime m'Chipangano Chatsopano. Mu 1737 Alexander Cruden, wogulitsa mabuku ku London wobadwira ku Aberdeen, anamaliza yekhayekha concordance ya Baibulo la Chingerezi, naipereka kwa Mfumukazi Caroline, amene anamwalira patangopita masiku ochepa asanamuthandize ndi kanthu. Bukulo linamusiya mwini wake m'mavuto a ndalama, koma lakhala likusindikizidwa mobwerezabwereza kuyambira pamenepo.

Kukonza milozera kunadzakhala ntchito yokhala ndi malamulo ake ndi mabungwe ake. Henry Wheatley anathandiza kukhazikitsa Index Society ku London mu 1877, ndipo mu 1957 G. Norman Knight anayambitsa Society of Indexers. La ku America linatsatira mu 1968, la ku Australia mu 1976, ndipo la kum'mwera kwa Africa, lotchedwa ASAIB, mu 1994.

Chinyanja chinakumana ndi dongosolo la zilembo kutali ndi kwawo. M'zaka za m'ma 1850, pafupi ndi Mombasa, mmishonale Johannes Rebmann anasonkhanitsa mawu kuchokera kwa Salimini, munthu wa m'chigawo chapakati cha dziko limene tsopano ndi Malawi, amene anatengedwa ukapolo. Dikishonale yawoyo inasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Mu 1892 David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja, imene Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929, ndipo mu 2000 a Centre for Language Studies anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womasulira Chinyanja m'Chinyanja chomwe.

Onsewa anapunthwa pamwala umodzi. Dongosolo la zilembo linakulira m'zilankhulo zimene mawu ake amasintha kumchira, pamene Chichewa chimasintha kumutu. Munthu ali pa M, anthu ali pa A. Chinthu chili pa C, zinthu zili pa Z. Ndipo aneni onse, akasiyidwa ndi ku- wawo, amaunjikana pa K ngati ng'ombe pakhomo la khola. Olemba madikishonale a Chinyanja anazolowera kuchotsa ku- pa aneni, kotero kuti kudya amafunidwa pa D, koma mayina amawasiya ndi mutu wake. A Chizulu anapitirira apo: m'dikishonale ya Doke ndi Vilakazi ya 1948 mayina omwe anadulidwa mutu, moti wofuna umuntu ayenera kudziwa kuti tsinde lake ndi -ntu. Njira imeneyi imakondweretsa katswiri wa galamala, koma munthu wamba imamuyesa mayeso asanapatsidwe yankho, ndipo mlozera woyesa anthu mayeso waiwala ntchito yake.

Makompyuta atafika, njira ya ku Paris inapeza wantchito wosatopa. Mu 1949 wansembe wa Chijezwiti Roberto Busa anapempha a IBM kuti amuthandize kundandalika mawu onse a m'mabuku a Thomas Aquinas, mawu pafupifupi 11 miliyoni, ndipo ntchitoyo inatuluka m'mabuku 56 pakati pa 1974 ndi 1980. Tim Berners-Lee atalemba maganizo ake a World Wide Web ku CERN mu 1989, ndipo masamba a pa intaneti atayamba kuchuluka, njira ziwiri zija zinaonekanso. Yahoo, imene Jerry Yang ndi David Filo anayamba mu 1994, inali mndandanda wokonzedwa ndi anthu, ogawa mawebusaiti m'magulu monga anachitira Callimachus. AltaVista ya 1995 ndi Google ya 1998 zinali zidzukulu za abale a ku Saint-Jacques, makina owerenga liwu lililonse. Pa intaneti yonse makina ndiwo anapambana, ndipo mndandanda wa Yahoo unatsekedwa kumapeto kwa 2014.

Koma m'kati mwa webusaiti imodzi nkhani inali ina, makamaka pa intranet, imene ndi intaneti ya m'kati mwa kampani, unduna kapena chipatala, yoonedwa ndi antchito okha. Google inkadziwa tsamba lofunika powerenga kuchuluka kwa masamba ena olozako, koma m'kati mwa kampani malinki otere ndi ochepa, ndipo kabokosi kofufuzira kankabweza zikalata mazanamazana, zakale ndi zatsopano zosakanikirana. Mitu ya patsamba loyamba nayo inkatsata m'mene kampani yadzigawira, nthambi yakuti, ofesi yakuti. Kalaliki wofuna fomu yopemphera tchuthi cha maliro ankayenera kudziwa kaye kuti nkhaniyo ili m'manja mwa ofesi iti. Limeneli ndi dongosolo la ulemu lomwe lija, litavala malaya atsopano. N'chifukwa chake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000 mayunivesite, makhonsolo ndi makampani ambiri anaika pamwamba pa masamba awo mzere wa zilembo, A mpaka Z, ndipo okonza milozera ya mabuku anayamba kuphunzira ntchito yawo mwatsopano. Glenda Browne ndi Jonathan Jermey a ku Australia analemba buku la luso limeneli mu 2001, Heather Hedden wa ku America analemba lake mu 2007.

Zimene anaphunzirazo zina zinali zachilendo. Pa webusaiti palibe manambala a masamba. Liwu la mu mlozera ndilo linki, munthu akadina n'kufika. M'buku liwu limodzi likhoza kutsatidwa ndi manambala asanu, koma linki imapita malo amodzi, kotero nkhani yopezeka malo asanu imafuna timitu tisanu pansi pake, kalikonse konena chimene chili kumeneko. Tsamba likakhala lalitali, wokonza amaika chizindikiro pandime yeniyeniyo kuti wowerenga asatayidwe pamwamba n'kuyamba kusakasaka. Ndipo buku likasindikizidwa limakhala duu, pamene webusaiti imasintha mlungu ndi mlungu: masamba amasamutsidwa, ena amafufutidwa, ndipo mlozera wosasamalidwa umasanduka chikwangwani cholozera kumudzi umene anthu anasamukako kalekale. Mawebusaiti ambiri anasiya milozera yawo pa chifukwa chimenechi, posowa munthu woipalira. Ena anaganiza zochepetsa ntchito polamula kompyuta kuti ingondandalika mitu ya masamba motsatira zilembo, ndipo chotuluka chake chinali mndandanda wodzaza mawu ngati "Takulandirani" ndi "Za ife", umene suthandiza aliyense.

Koma phunziro lalikulu linali lakale lija la Grosseteste. Mu 1987 akatswiri anayi a ku Bell Communications Research, George Furnas, Thomas Landauer, Louis Gomez ndi Susan Dumais, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wopempha anthu kuti atchule mayina a zinthu zodziwika. Anapeza kuti mwayi woti anthu awiri asankhe liwu limodzi potchula chinthu chimodzi sufika ngakhale kamodzi pa kasanu. Tanthauzo lake n'lakuti wolemba tsamba akasankha liwu limene iye akuliona lomveka bwino, ambiri mwa odzafuna tsambalo adzabwera ndi liwu lina. Kundandalika mawu motsatira zilembo kompyuta imachita m'kuphethira kwa diso. Ntchito ya munthu ndi kuganizira mawu onse amene mlendo angagogode nawo pakhomo, ndi kuonetsetsa kuti lililonse likutsegula. Okonza ochenjera amawerenga kaundula wa mawu amene anthu analemba m'kabokosi kofufuzira, makamaka amene sanabweze kanthu, popeza m'menemo ndimo anthu amaulula chilankhulo chawo chenicheni. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ngakhale timawu tating'ono timavuta. Mu 2007 Glenda Browne yemweyo analandira mphoto ya Ig Nobel, yoperekedwa pa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, chifukwa cha nkhani yake yonena za mavuto amene liwu la Chingerezi lakuti the limadzetsa kwa ondandalika mayina. Anthu anaseka, koma wofuna dzina pa T pamene linaikidwa pa chilembo china amabwerera chimanjamanja ngati kuti dzinalo kulibe. Kumene kuphonya kuli ndi mtengo waukulu, mzere wa A mpaka Z sunachoke. Webusaiti ya zaumoyo ya NHS ku Britain ndi ya MedlinePlus ku America zimandandalika matenda ndi mankhwala motsatira zilembo, popeza wodwala amene wamva dzina la nthenda kwa dokotala kawirikawiri amakumbukira chiyambi chake koma sadziwa kulilemba lonse, ndipo diso limazindikira liwu limene dzanja silingathe kulemba.

Miyambi ndi miyambo ya Achewa tsopano ikusamukira pa intaneti, ndipo mavuto onsewa ikusamuka nawo. Mabuku a miyambi alipo, kuyambira Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga mpaka la Joseph Chakanza la miyambi 2,000 lotuluka m'chaka cha 2000. Njira yosavuta ndi kundandalika miyambi potsata liwu loyamba, monga m'buku la nyimbo. Koma nyimbo anthu amaikumbukira poyambira, pamene mwambi amaukumbukira pakati. Mdzukulu wokulira ku Johannesburg kapena ku Leeds amangokumbukira kuti agogo ankanena kanthu kena ka matope. "Walira mvula walira matope" uli pa W, ndipo iye sadzaganiza zoyang'ana kumeneko. Mwambiwo uyenera kupezekanso pa mvula ndi pa matope. Kuposa apo, mphunzitsi wofuna mwambi wa kugwirizana ayenera kufikitsidwa pa "Mutu umodzi susenza denga", m'mene liwu lakuti kugwirizana mulibe, monga muja kukhululuka kunasowera m'nkhani ya mwana wolowerera. Palibe makina owerenga mawu okha amene angaulumikize mwambiwo ndi mutu wake popanda wina wodziwa kuwauza. Ndiponso mwambi umodzi umanenedwa mosiyana ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angonia, ndipo kusintha kwa liwu loyamba lokha kumausamutsira pa chilembo china.

Miyambo ndiyo imavuta koposa, popeza Achewa zinthu zolemera sazitchula ndi dzina lake. Munthu sanena kuti kwathu kwagwa maliro nthawi zonse. Amati kuli zovuta, kapena kwagwa chisoni. Wakufa amati watisiya, watsikira kulichete. Wapakati amati ndi wodwala, kapena ali ndi pathupi. Mlozera wa miyambo wolemba maliro pokha, osaika zovuta n'kulozera ku maliro, walankhula Chichewa cha m'buku, osati cha anthu. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ena adzamufuna pa G, ena pa N ngati Nyau, ena pa Z ngati zilombo. Chikamwini ndi chitengwa ndi mitu iwiri yosiyana, koma wowerenga umodzi ayenera kuuzidwa kuti aonenso winawo, chifukwa mmodzi samveka popanda mnzake. Apa okonza amasiyanitsa malangizo awiri: "onani" amatumiza munthu kuchoka pa liwu lopanda kanthu kupita pa liwu losankhidwa, pamene "onaninso" amamuuza kuti wapeza kale, koma pafupi pali zina. Pa intaneti "onani" akhoza kuchotsedwa, popeza zovuta ndi maliro angathe kungolozera tsamba limodzi. Komabe pa nkhani za chikhalidwe n'kwabwino kumusiya aonekere, chifukwa mdzukulu amaphunzira pomwepo kuti mawu awiriwo ndi amodzi. Pali funso lina limene buku la malamulo a milozera silingayankhe: mawu a kudambwe ndi a kutsimba, amene eni ake sawatchula pagulu, ayenera kulowa mu mlozera kapena ayi. Kulozera chinthu ndi kuchiulula, monga liwu la Chilatini lija linanenera, ndipo pamenepo wokonza ayenera kufunsa eni mwambo asanafunse kompyuta.

Pomaliza pali kalembedwe. Chichewa Board, yokhazikitsidwa mu 1972, inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso pambuyo pake, koma mabuku akale ndi a ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, kotero kuti cinamwali ndi chinamwali, ngakhale onse ali pa C, amatalikirana m'ndandanda. Mau ndi mawu ndi liwu limodzi lokhala malo awiri. Kompyuta yosaphunzitsidwa imaponya ŵ kuseri kwa z, ndipo kankhodolera ka mu ng'ombe ndi m'dambo imakawerenga ngati chilembo, n'kulekanitsa mawu amene wowerenga amayembekeza kuwapeza moyandikana. Mzere wa zilembo pamwamba pa tsamba nawo sugawika mofanana: M, K, C ndi N amatupa ndi mazana a mawu, moti M amafunika kugawidwanso, Ma, Mb, Mf, Mp, Mu, Mw, pamene pa Q ndi pa X sipakhala kanthu. Okonza ozolowera amazisiya zilembo ziwirizi pamzere, zotuwa ndi zosadinika, kuti wowerenga asaganize kuti tsamba lawonongeka.